Kodi anthu a chimanjamanja angakakamize mzungu wa mfuti?

FUNSANI AMALUME A MABUKU

Amalume,

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Ntcheu, ndipo Lachitatu masana ndimakhala ndi ana a kalabu yowerenga. Mwezi wathawu tinawerenga nkhani ya George Orwell yotchedwa Shooting an Elephant. Mwachidule, wapolisi wachizungu ku Burma auzidwa kuti njovu yoweta yadula unyolo ndipo ikusakaza zinthu mumsika. Pofika apeza yapha kale munthu, koma ukali waithera, ikungodya udzu. Mtima wake ukumuuza kuti asaiphe. Potembenuka aona chinamtindi cha anthu chikumuyang'ana, basi n'kuiwombera poopa kusekedwa. Ana anga agawanika. Ambiri akuti mzunguyo ngwomvetsa chisoni, anangochita za chigulugulu monga amachitira mnyamata anzake akamukakamiza kulawa mowa. Koma mtsikana wina wa Fomu 3 wakanitsitsa kwamtuwagalu. Iye akuti munthu wa mfuti sangakakamizidwe ndi anthu a chimanjamanja. Manotsi onse amene ndapeza pa intaneti akugwirizana ndi gulu loyambalo. Ndiwauze chiyani?

Mayi mphunzitsi, Ntcheu

Aphunzitsi, mtsikana ameneyo mumusamale. Sikuti walondola zonse ayi, koma waponda pamene manotsi a pa intaneti amalumpha.

Ana anu ayambe adziwa kuti m'nkhaniyi muli anthu awiri. George Orwell ndi dzina lolembera chabe, dzina lake lenileni linali Eric Blair. Anabadwira ku Motihari, ku India, mu 1903, bambo ake ali pa ntchito ya boma la Britain yoyang'anira malonda a opium, mankhwala ozunguza bongo. Atamaliza sukulu ya ana a anthu olemera ya Eton, anzake ambiri analowera ku Oxford ndi Cambridge, iye n'kukwera sitima mu 1922 kukalowa upolisi ku Burma ali ndi zaka 19. Ku Moulmein, kumene kukuchitikira nkhaniyi, anafikako mu 1926, ndipo chaka chotsatira anabwerera ku England n'kusiya ntchito. Nkhani ya njovuyi inatuluka mu 1936 m'magazini ya New Writing. Choncho wogwira mfutiyo ndi mnyamata wa zaka pafupifupi 23, pamene wogwira cholembera ndi bambo wa zaka 33 amene akuzenga mlandu mnyamatayo. Mwana akasokoneza awiriwa amaganiza kuti wolemba akudziikira kumbuyo.

Dziko la Burma Angerezi analitenga pang'onopang'ono, pa nkhondo zitatu: ya 1824 mpaka 1826, ya 1852, ndi ya 1885 pamene analanda Mandalay n'kuthamangitsira Mfumu Thibaw ku India. Moulmein, yomwe lero amaitcha Mawlamyine, inali m'manja mwawo kuyambira nkhondo yoyamba ija. Linali doko la matabwa a teak, ndipo njovu zoweta ndizo zinkakoka ndi kuunjika zipika. Blair pofika n'kuti dziko litatentha kale. Ophunzira a ku yunivesite ya Rangoon anali atanyanyala makalasi mu 1920, ndipo ansembe achibuda monga U Ottama ankalowa ndi kutuluka m'ndende chifukwa cholalikira zotsutsa boma. Ndiye wolemba akamadandaula za ansembe achinyamata oima m'makona a misewu n'kumanyogodola azungu, ana anu asaganize kuti anali malova osowa chochita. Kunyogodola ndicho chinali chida chawo, poti mfuti analibe.

Tsopano tipite kumunda kuja, tione bwinobwino. Njovuyo inali yamphongo, ndipo inali pa nyengo ija njovu zamphongo zimalusa kwa kanthawi. Woiyang'anira, munthu yekhayo amene ikanamumvera, anaifunafuna njira yolakwika, moti anali pa mtunda wa maola 12. Inali itagwetsa nyumba ya nsungwi, kupha ng'ombe, kudya zipatso za amalonda ndi kugubuduza galimoto yotaya zinyalala. Wapolisiyo ananyamuka ndi kamfuti kosati n'kupha njovu. Ataona mtembo wa Mmwenye waganyu ataupondereza m'matope, anatuma munthu kukabwereka mfuti yaikulu kwa mnzake, akuti yodzitetezera, ndipo inabwera ndi zipolopolo 5. Apa ndi pamene ndikufuna ana anu atsegule maso. Njovu ikugwetsa nyumba zawo anthu sanaitsatire. Anatuluka m'nyumba ataona mfutiyo. Amene anaitana chinamtindi chija, anthu osachepera 2,000, ndi wapolisi yemweyo.

Anaipeza m'minda ya mpunga yosalima, yonyowa ndi mvula zoyamba, mamita ochepa kuchokera pamsewu. Inkazula udzu ndi chitamba, kuukuntha pa mawondo kuti dothi lichoke, n'kuuponya m'kamwa. Iye mwini akuti atangoiona anadziwiratu kuti siyofunika kuphedwa. Anadziwanso choyenera kuchita: kuiyang'anira kwa kanthawi, ikapanda kulusa n'kuisiya mpaka woiyang'anira abwere. Anawerengera ngakhale ndalama zake, kuti yamoyo inali ya mapaundi 100 kapena kuposa, yakufa minyanga yokha, mwina mapaundi 5.

Nanga khamulo linachita chiyani? Werenganinso ndimeyo pamodzi ndi ana, muwafunse apeze munthu mmodzi amene analamula kuti "wombera", kapena kutola mwala, kapena kutseka njira. Palibe. Anthuwo ankafuna kuonerera, ankafunanso nyama. Kwa mabwana ake kunalibe lamulo loti aiphe. Zonse zokakamizazo zikuchitika m'mutu mwa wapolisiyo. Pena akuganiza zoyandikira njovuyo kuti aone ngati ilusenso, koma akusiya. Chimene chikumubweza si imfa. Akuti ikanamuponda n'kusiya mano ali pamtunda ngati Mmwenye uja, ena mwa anthuwo akanaseka. Mnyamatayu kusekedwa akukuopa kuposa kufa.

Funso labwino ndi ili: n'chifukwa chiyani kuseka kwa anthu osauka kunali koopsa chotere? Burma inali ndi anthu oposa 13 miliyoni, ndipo azungu olamulira anali kagulu kochepa zedi. Mfuti zokha sizikanatha kusunga ulamuliro wotero tsiku ndi tsiku. Unkasungidwa ndi chikhulupiriro choti mzungu sazengereza, sachita mantha, akanena wanena. Mtsamunda aliyense, ngakhale kamnyamata kongochoka kumene pa sukulu, ankanyamula chikhulupiriro chimenechi paphewa, ndipo akasekedwa mmodzi ndiye kuti wasekedwa Mfumu ya ku London. Kuno kwathu komiti yofufuza za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 inamva madandaulo a anthu ophunzira oti ankakakamizidwa kuvula chipewa akakumana ndi mzungu aliyense panjira. Chipewa chokha! Nthenda yake ndi yomweyo.

Ndiye fanizo la ana anu la mnyamata ndi mowa silikugwira. Mnyamata pakati pa anzake amakhala wofanana nawo, mwinanso wochepa mphamvu, ndipo akakana amataya anzakewo. Anthu a ku Moulmein sanali anzake a Blair, ndipo analibe choti angamulande. Fanizo loyandikira ndi limene ndinaliona ndi maso ndili mphunzitsi wachinyamata, m'zaka zija ndodo inkaloledwa. Ahedi ena analengeza pa asembule kuti wapezeka mwana amene anaswa zenera, anamuitana kutsogolo, natumiza ndodo. Mwanayo atagona kale pa benchi, mphunzitsi wina anawanong'oneza kuti woswa zenera ndi wina. Ahediwo anayang'ana mizere ya ana, anayang'ana ndodo, n'kumukwapula ndithu. M'chipinda cha aphunzitsi anangoti, "Nanga ana akanandiona bwanji?" Afunseni ana anuwo ngati anali ana a pa asembule amene anakwapula mnzawo.

Sindikunena kuti chigulugulu mulibe m'nkhaniyi. Chilimo, koma gulu lake silinali kumunda kwa mpunga. Linali ku kalabu ya azungu okhaokha. M'buku lake la Burmese Days, la 1934, Orwell akutionetsa Flory, wamalonda a matabwa amene amadana ndi utsamunda mumtima ndipo bwenzi lake lenileni ndi dokotala wachimwenye, Veraswami. Ku kalabu kutabuka nkhani yoti alandire membala mmodzi wosakhala mzungu, wina alemba chikalata chachipongwe chokana, ndipo Flory asainira nawo, pofuna kupewa mkangano. Kumeneko ndiye kutengera anzako kwenikweni: anthu amene umamwa nawo madzulo alionse, amene akakusala ulibenso kolowera m'tauni yonse. M'buku lina, The Road to Wigan Pier la 1937, akusimba za usiku wina m'sitima yapamtunda yopita ku Mandalay, ali ndi Mngerezi mnzake wosamudziwa. Anayamba ndi kufufuzana mochenjera, ndipo atatsimikizirana kuti palibe woneneza mnzake, anatukwana ufumu wa Britain usiku wonse. Kutacha anasiyana mwamanyazi ngati anthu ochita chigololo. Munthu wokhala moyo wotero amayenda ndi maso a anzake kulikonse, ngakhale ali yekha pakati pa anthu 2,000.

Ndipo anzakewo akutulukira kumapeto kwa nkhani ya njovu. Azungu achikulire anati anachita bwino. Achinyamata anati n'zachisoni kupha njovu chifukwa cha waganyu, poti njovu ndi yamtengo kuposa iye. Mwini njovuyo anakwiya, koma poti anali Mmwenye sakanachita kanthu. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za maliro.

Kodi akanatha kukana? Akanatha, ndipo mtengo wake unali kusekedwa basi. Mabuku a nthawi yomweyo ali nawo anthu amene analipira zoposa pamenepo. Mu A Passage to India ya E. M. Forster, ya 1924, mphunzitsi Fielding aima pakati pa azungu anzake n'kunena kuti Dokotala Aziz ndi wosalakwa, kenako achoka mu kalabu. Mukawerengera ana anu ndime imeneyo pambali pa ya njovu, mawu akuti "analibe kuchitira mwina" aziwatchula mosamala.

Pamene mtsikana wanu waphonya ndi apa: Orwell sakupempha chisoni. Wopempha chisoni sakanalemba kuti nthawi zina ankalakalaka kubaya wansembe wachibuda pamimba ndi mpeni wa kumfuti. Sakanalemba kuti anakondwera kuti waganyu uja anafa chifukwa zinamupatsa chifukwa chovomerezeka ndi lamulo. Sakanatsiriza ndi kuulula kuti zonsezi anachitira kuti asaoneke chitsiru. Ameneyu ndi munthu amene akudzivula pagulu, ndipo pa atsamunda onse amene analemba za ntchito yawo, ochita chotere ndi owerengeka.

Koma inenso ndili naye mlandu. Mfundo yake yaikulu ndi yoti mzungu akasanduka wankhanza amapha ufulu wake womwe, ndipo amavala chinyawu mpaka nkhope yake imakula molingana nacho. N'zoona. Komatu iye ufulu umene anautayawo anakaupezanso polemba kalata imodzi yosiyira ntchito. Mwini njovu anakadandaula kuti? Ndiyeno onani kagawidwe ka mawu. Imfa ya njovu yapatsidwa ndime zingapo zopweteka kuwerenga: chipolopolo choyamba inakalamba nthawi yomweyo n'kugwada, chachiwiri inadzuka movutika, chachitatu inalira kamodzi n'kugwa mpaka nthaka kugwedezeka. Ziwiri zotsalazo anawombera pamtima, naonjeza za kamfuti kaja, koma inatenga theka la ola kuti itsirizike, anthu akufika kale ndi zikwanje ndi madengu. Munthu wophedwa uja wapatsidwa ndime imodzi, ndipo ndi yofotokoza maonekedwe a mtembo. Dzina alibe, mkazi kapena mwana satchulidwa. Anthu 2,000 aja nawonso ndi nkhope chabe, palibe amene akulankhula ngati munthu. Ena amati Orwell anachita dala kuti tione mmene utsamunda umaphera maso a munthu. Mwina pang'ono. Ine ndikuona kuti ngakhale bambo wa zaka 33 uja maso ake anali asanachire bwinobwino.

Lachitatu likudzali musawapatse yankho. Agaweni, ena alembe kalata ya mwini njovu kupita kwa bwanamkubwa, ena alembe zimene wapolisi wa ku Burma amene anaimba foni m'mawa uja anakauza mkazi wake madzulo. Mtsikana wa Fomu 3 uja mumupatse ntchito yolemba m'malo mwa Blair.

Amalume,

Ndawerenga Things Fall Apart ya Chinua Achebe kawiri, koma chinthu chimodzi chikundikanika. Okonkwo ankamukonda Ikemefuna, mnyamata wa mudzi wina amene ankamusunga, ngati mwana wake. Anachenjezedwa kuti asatengeko mbali pomupha. N'chifukwa chiyani anamutema yekha? Mnzanga akuti ndi chifukwa cha miyambo yoipa imene azungu anabwera kudzathetsa. Ine zimenezo sizikundilowa.

Wophunzira wa ku koleji, Zomba

Mphwanga, kalata yako ndaiika pansi pa ya aphunzitsi a ku Ntcheu dala, uyambe wawerenga yankho lawolo.

Mnzakoyo muuze abwerere ku bukulo. Mwambo unalamula kuti mnyamatayo afe, zimenezo n'zoona, ndipo Achebe sakubisa kuti zinali zankhanza. Koma mwambo sunalamule Okonkwo kugwira chikwanje. Mkulu wa mudzi, Ogbuefi Ezeudu, anachita kubwera kunyumba kwake kudzamuuza kuti mwanayo amamutcha bambo, choncho asaike dzanja lake pa imfayo. Bwenzi lake Obierika sanapite nawo n'komwe, ndipo palibe amene anamutcha wamantha. Pambuyo pake Obierika anamuuza maso ndi maso kuti mizimu itati ilamule kuti mwana wake aphedwe, sangatsutse, koma sangakhalenso iye womupha. Ndiye khomo lotulukira linalipo, mkati mwa mwambo womwewo, ndipo linali lotsegula.

Chinamutsekera khomolo ndi bambo ake, Unoka, munthu wa chitoliro ndi ngongole amene anafa wopanda ulemu uliwonse. Moyo wonse wa Okonkwo unali kuthawa kufanana ndi munthu ameneyu. Tsiku la ulendo uja anabwerera kumbuyo kwa mzere kuti asaone. Wina atatema, mphika wa mowa n'kugwa, mnyamatayo anathamangira kwa iye akufuula kuti bambo, andipha. Achebe akupereka chifukwa chake m'chiganizo chimodzi chachifupi: ankaopa kuoneka wofooka. Amuna anali nawowo sanamuuze kanthu. Monga wapolisi wa ku Moulmein, iye anamva kuseka kumene kunali kusanachitike.

Apa pali zinthu ziwiri zoti uzigwire. Mantha a "anthu andiona bwanji" sanabwere ndi sitima za azungu. Ikemefuna akuphedwa mzungu asanaponde ku Umuofia, kwawo kwa Okonkwo. Chimene utsamunda unachita ndi kutenga mantha amenewa n'kuwasandutsa ntchito ya boma, yokhala ndi yunifolomu ndi malipiro. Chinacho ndi kalembedwe. Taona zimene Achebe akuchita ndi wophedwayo. Takhala naye zaka zitatu m'nyumba ya Okonkwo, tamuona ali ngati mkulu wake wa Nwoye, mwana wa Okonkwo, wodziwa kusema zitoliro ndi kutchera misampha. Pa ulendo womalizawo tili m'mutu mwake. Akuganiza kuti akupita kwawo ku Mbaino, akudzifunsa ngati iye adzakazindikire kamlongo kake, ndipo akuimba kanyimbo mumtima akuponda motsatira, kuti kakathera phazi lamanja ndiye kuti amayi ake ali moyo, kakathera lamanzere amwalira. Chikwanje chikamatsika timakhala tikudziwa amene chikumutema. Zimenezi ndi zimene Mmwenye wa m'matope uja sanapatsidwe.

Kumapeto Achebe akuitembenuza nkhani ya khamu. Akuluakulu 6 a Umuofia atsekeredwa ndi DC, ametedwa mipala, ndipo chindapusa cha matumba 200 a ndalama za zigoba amesenjala a khoti achikweza kufika 250 kuti adyepo. Pa msonkhano wa mudzi wonse pafika amesenjala 5 kudzaubalalitsa. Okonkwo atema wamkulu wawo, poganiza kuti anthu amutsatira. Anthuwo anangosiya enawo athawe, ndipo anamva ena akufunsana kuti wachitiranji zimenezi. Munthu amene moyo wake wonse ankachitira maso a gulu anapeza kuti gululo lasintha iye osadziwa. Amesenjalawonso usawaiwale polemba mayeso ako. Ndi anthu akuda anzawo, ochokera kwina, amene apeza kuti mphamvu za mzungu zikhoza kubwerekedwa. Bukuli linatuluka mu 1958, Nigeria isanalandire ufulu, ndipo Achebe anali ataona kale kuti mtundu wa anthu amenewa sudzachoka pamodzi ndi DC.

Amalume,

Mwana wanga kusukulu kuno amupatsa nkhani ya mzungu wopha njovu ku Burma. Agogo anga anakamenya nkhondo ku Burma komweko ali msilikali wa KAR (King's African Rifles), ndipo palibe buku limene ndinaliona lonena za iwo. Kwathu ku Nkhata Bay anthu anawomberedwa mu 1959. Tiziwerengeranji za chikumbumtima cha mtsamunda? Ndipo kodi njovuyo anaiphadi, kapena ndi nthano?

Bambo wa ku Nkhata Bay, okhala ku Johannesburg

Bambo, ndiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi lalifupi. Olemba mbiri ya Orwell anatsutsana. Bernard Crick, amene buku lake linatuluka mu 1980, anakayikira ngati zinachitika monga zalembedwera, ndipo mkazi wamasiye wa Orwell, Sonia, anakwiya nazo n'kuumirira kuti anaiphadi. Kwa ine mkanganowu suchotsa kanthu. Upolisi anaugwiradi zaka 5, ndipo akaidi othinana m'zitolokosi zonunkha ndi zipsera za anthu okwapulidwa ndi nsungwi, zimene akuzitchula koyambirira kwa nkhaniyo, zinali za ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Za agogo anu mukunena zoona. Asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo ndi Ajapani ku Burma, ndipo mu 1944 anali m'gulu la 11th East African Division limene linadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula, malo odziwika ndi malungo. Ambiri anabwerera n'kukalamba popanda wowafunsa ndi cholembera m'manja. Ngati pali wachibale amene akukumbukira zimene agogowo ankasimba, mujambuleni mawu pa foni chaka chino.

Koma nkhani ya Orwell musamulande mwanayo. Za ku Nkhata Bay tili ndi lipoti la komiti ya Devlin. Likutiuza kuti pa 3 Malichi 1959 anthu anasonkhana padoko pamene omangidwa anali m'sitima ya Mpasa, kuti asilikali anawombera, ndipo linawerenga anthu 20 akufa pamenepo. Lipoti lomwelo linanena kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, mawu amene anakwiyitsa boma la ku London. Sindikufanizira anthu athu ndi njovu, ndipo sindikunena kuti owomberawo ankaganiza zimene Blair ankaganiza. Ndikungoti malipoti a boma amafunsa nthawi, chiwerengero, ndi ngati lamulo linatsatidwa. Wapolisi wa ku Moulmein akanaitanidwa ku komiti yotero akanapambana mlandu mosavuta: njovu inapha munthu, lamulo linkalola. Ndi nkhani yakeyo yokha imene ikutiuza kuti chifukwa cholembedwa m'lipoti ndi chifukwa chenicheni zikhoza kukhala zinthu ziwiri zosiyana, ndipo akutiuza ndi munthu wa mkati. Mwana amene wawerenga zimenezi adzawerenga lipoti lililonse la boma, lakale kapena la lero, ndi diso lina.

Chimene ndingakupempheni n'choti asalekere pa Orwell. Anthu a ku Burma analemba okha za nthawiyo. Mumufunire buku la mayi Ma Ma Lay la 1955, limene m'Chingerezi linatuluka mu 1991 ndi dzina lakuti Not Out of Hate. Mulibe mfuti kapena khamu. Muli mtsikana Way Way amene akwatiwa ndi U Saw Han, mwamuna wa ku Burma komweko wogwira ntchito ku kampani ya Angerezi yogula mpunga, amene amadya, kuvala ndi kukonza nyumba yake ngati mzungu. Mkazi wake amamukonda ndithu, ndipo chifukwa cha chikondi chomwecho amamuletsa zakudya za kwawo ndi kumutalikitsa kwa bambo ake odwala chifuwa chachikulu. Ameneyonso ali ndi gulu limene akuliopa, ndipo ndi mabwana ake achizungu amene sadzamulandira n'komwe ngati mnzawo. Mwana wanu akawerenga mabuku awiriwa motsatizana, mudzamufunse kuti ndi ndani mwa amuna awiriwa amene akanatha kulemba kalata yosiya ntchito n'kukwera sitima kubwerera kwawo.

Amalume a Mabuku